M'kamwa mwa Phiri

Julaye. Hafu folo m'mamawa pa Chitakale,
mpweya ukutuluka m'kamwa ngati ndikusuta,
zala zikukana kumanga zingwe za nsapato.
Nsapatozi anandisiyira mlendo wa chaka chatha,
zazikulu, moti kutsogolo ndatsindirako nyuzipepala.

Alendo lero ndi anayi.
Awiri a ku banki ku Lilongwe, majekete onyezimira,
mtsikana wa ku yunivesite ndi kanyundo kogogodera miyala,
ndi bambo Mukhito, opuma pa ntchito ya njanji,
obadwira m'tsinde mwa phiri lomweli,
zaka makumi asanu ndi limodzi akungoliyang'ana osalikwera.

Ndawauza: pondani pomwe ndaponda,
madzi imwani ludzu lisanafike.
Ikakwana thu koloko, tafika kaya sitinafike, tibwerera.
Dzuwa la mwezi uno silidikira munthu.

M'minda ya tiyi mame atinyowetsa mpaka m'chiuno.
Othyola ali kale ndi madengu kumsana.
Wina wafuula: "Nakoma! Ukukasakanso chiyani kumwambako?"
Ndayankha: fizi ya mwana.
Aseka. Sindinaname.

Kenako chitunda. Macheza atha.
Wa ku banki wavula jekete, wavala, wavulanso.
Mwala uli ndi ndere, ndere ili ndi madzi,
phazi likamaganiza zina limalipira.
Pakamtsinje madzi aluma mano.
Tapumira pa chitsa cha mkungudza.
Bambo anga ankacheka matabwa kuno,
kutsika nawo pamutu, mapazi ali pansi,
ndipo ukakanda ndi chikhadabo fungo likadalipo.
Alendo sindinawauze. Ndangokanda.

Mtsikana wagogoda thanthwe, waika kachidutswa padzanja:
"Amati pano panaphulika moto. Ine ndikukana.
Moto unali pansi, sunatuluke,
unazirala momwemo mkati.
Dzenjeli yakumba ndi mvula."
Ndati chabwino, chemwali.
Amuna otero ine ndimawadziwa,
moto mkati, kunja zii.

Wani koloko itapitirira, tafika pamlomo.
Koma chiperoni, mwini malo,
watitsogolera kale, wakhala pansi, wadzaza chigwa chonse.
Makoma aja a pachithunzi kulibe, mathithi kulibe,
mbuu basi, ndi mphepo yolowa m'khutu.
A ku banki akweza mafoni, atsitsa.
"Ndiye talipira kuti tidzaone chifunga?"
Ine chete. Phiri si langa, makiyi ake sindisunga.
Ndatulutsa fulasiki ndi mbatata yootcha dzulo,
makapu awiri, anthu asanu, tikulandirana.

Zatsala mphindi khumi.

Ndiye, kanthawi kongomeza tiyi kawiri,
nkhungu yang'ambika ngati chitenje chakale.
Khoma ilo, lakuda, lonyowa, laima njo,
pansi penipeni nkhalango, kamtsinje ngati ulusi,
kupitirira apo, kutali, malata akuphethira padzuwa.
Mafoni ali m'matumba.
Palibe wakumbuka.
Bambo Mukhito aloza ndi ndodo yonjenjemera:
"Apo. Pamtengo wa mango uwo.
Mayi anga tinawaika pamenepo."
Kaya anaonadi, sindidziwa.
Maso anga ndi a ntchito, koma mtengowo sindinauone.
Ndangoti: eya, ndi pomwepo.

Chatsekanso.

Thu koloko. Ndaimirira, ndasasa thalauza.
Kukwera kumadya chifuwa, kutsika kumadya mawondo,
ndipo wa ku banki uja, wamadandaulo,
ndiye wawagwira mkono achikulire poterera ponse,
osauzidwa ndi munthu.
Mtsikana thumba lake lalemera ndi miyala,
wakana kuti ndimunyamulire.

Tafika pamsewu mdima ukuphimba tiyi.
Bambo Mukhito avula magolovesi, andipatsa:
"Tenga, mwana wanga, ine sindibwereranso uko."
Akadali ofunda.

Kunyumba ndawerenga ndalama kawiri,
sizinachuluke.
Mawa kuli ena atatu, akuti mmodzi amaopa pamwamba.
Nyuzipepala ya m'nsapato yanyowa.
Ndaiyanika pambali pa mbaula.